Tchuthi cha ku madzi otentha: momwe mungasankhire kopita mukuchokera m'chigawo cha Tete

Juni akafika kuno ku Angonia ndi ku Tsangano, madzi ogona m'ndowa amaluma zala, ndipo agogo amayamba kudandaula mawondo ndi msana. Nyengo imeneyi ndi yomwe nkhani ya akasupe a madzi otentha imabuka m'mabanja amene asungako kangachepe atagulitsa mbatata kapena soya. Wina akuti tipite ku Boroma, wina akuti ku Nkhotakota, mlamu amene anagwirapo ntchito ku Joni akuti kulibe koposa Bela-Bela. Onsewa akunena zoona, koma sakukamba chinthu chimodzi. Malo ena ndi kasupe chabe wotumphuka pakati pa miyala, pomwe anthu a m'mudzi amasamba ndi kuchapa. Ena ndi tauni yathunthu yomangidwa mozungulira madziwo, yokhala ndi maiwe a simenti, nyumba zogona ndi alonda. Ndalama zimalowa m'madzi munthu akapita ku mtundu wina mumtima akuyembekeza mtundu winawo. Choncho musayambire pa zithunzi. Yambirani pa anthu amene mukuwatenga.

Choyamba: khalani pansi muwerenge amene akupita

Lembani maina onse, ndipo pa dzina lililonse mudzifunse ngati munthuyo angapirire ulendo wa tsiku lathunthu pa mpando wa basi, komanso ngati thupi lake likuloledwa kukhala m'madzi otentha. Mayi woyembekezera asaviike thupi m'madzi otentha kwambiri, makamaka miyezi yoyambirira. Odwala mtima kapena kuthamanga kwa magazi ayambe aonana ndi achipatala, chifukwa kutentha kumatakasa mitsempha, magazi n'kutsika mphamvu, munthu n'kuchita chizungulire pomwe akutuluka m'dziwe. Odwala shuga ambiri mapazi awo samva bwino kutentha, ndiye amatha kupsa osazindikira. Ana aang'ono thupi lawo limatenthedwa msanga kuposa la munthu wamkulu.

Palinso za ulemu wathu. Ngati apongozi ali pa ulendowo, simungawatengere ku dziwe limodzi losakanikirana amuna ndi akazi, ana ndi akulu, aliyense atavula. Ku malo akuluakulu a ku South Africa maiwe ndi a onse pamodzi. Pa akasupe a m'midzi nthawi zambiri amuna ali ndi mbali yawo, amayi yawo, kapena amasinthana nthawi. Nkhaniyi ikambidwe kunyumba, kuti mayi wachikulire asakafike kutali chonchija n'kungokhala pa benchi atafunda chitenje, madzi osawakhudza.

Chachiwiri: dziwani ngati madziwo ndi olowamo kapena ongoona

Madzi amenewa ndi mvula yomwe ija. Imalowa pansi kudzera m'ming'alu ya miyala, ndipo ikamatsika imakumana ndi miyala yotentha, pakuti pansi pa nthaka kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse. Ikapeza mng'alu wina wokwera nawo msanga, imatuluka isanazizire. N'chifukwa chake akasupe ambiri ali m'mbali mwa chigwa cha Nyanja ya Malawi, cha Shire, cha Zambezi ndi cha Luangwa, komwe nthaka inang'ambika kalekale. Fungo longa la dzira lovunda limene mumamva pa akasupe ena ndi la sulufule wochokera m'miyala momwemo, si kuti mwafera kanthu.

Chofunika kwa inu ndi kutentha kwa madzi pamalo pomwe mungalowe. Thupi la munthu limasangalala ndi madigiri 37 mpaka 40. Akapitirira 50 amawaula khungu, akafika 60 amatentha m'kanthawi kochepa chabe. Akasupe ambiri otchuka amatuluka pansi ali pamwamba pa malire amenewa. Pamalo okonzedwa bwino eni ake amawaziziritsa asanawathire m'dziwe. Pa kasupe wa m'mudzi madzi amazizira okha akamayenda m'ngalande, ndiye osambira amakhala chakumunsi, komwenso sopo wa ochapa amadzera. Funso loyamba pa malo aliwonse likhale lakuti, kodi pali dziwe loti munthu wamkulu n'kukhalamo madzi n'kumufika m'chifuwa, kapena timangotunga m'ndowa?

Chachitatu: sankhani mwezi

Pitani pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Okutobala ndi Novembala, mzinda wa Tete ukamapsa kupitirira madigiri 40, palibe amene angakondwe kulowa m'madzi ofunda, ndipo Liwonde, Nkhotakota ndi Musina nakonso kumakhala ng'anjo. Tchuthi chachitali cha ana a sukulu, Disembala ndi Januwale, chimagwera m'dzinja: misewu yafumbi imaterera, udzudzu umachuluka, ndipo ku South Africa malo amadzaza, mitengo n'kukwera.

Chachinayi: yang'anani chipata chomwe chili pafupi nanu

Apa ndi pomwe ndikufuna tichedwepo, chifukwa chigawo chathu ndi chachikulu ndipo chimakhudzana ndi maiko atatu. Malo amene ali pafupi kwa munthu wa ku Ulongwe ali kutali kwa wa ku Chifunde.

Kwathu konkuno kuli Boroma, makilomita pafupifupi 25 kuchokera mumzinda wa Tete, kumtunda kwa Zambezi. Kuli mishoni yakale imene ansembe a Chijezuiti anakhazikitsa m'zaka za m'ma 1880, tchalitchi chake chili pachitunda choyang'ana mtsinje, ndipo m'dera lomwelo muli akasupe otentha. Uwu ndi ulendo wa tsiku limodzi: mugone mumzinda, mulawire m'mamawa dzuwa lisanakwere, mubwerere madzulo. Sipafunika pasipoti kapena kusintha ndalama. Koma pitani ngati alendo okaona malo, mutanyamula madzi akumwa ndi kamba wanu, osati ngati opita ku hotela. Kwa banja limene silinaonepo madzi akutuluka pansi akufuka nthunzi, ine ndimati liyambire pano. Mukaona momwe agogo ndi ana akuwalandirira madziwo, mudziwa ngati ulendo wautali ukuyenera.

Kwa ife a ku Angonia, Malawi ndiye khomo lapafupi. Mukatulukira pa Calomue mwafika pa Dedza. Kuchoka apo mutha kutsika phiri kudzera ku Golomoti n'kugwira msewu wa m'mbali mwa nyanja wa M5, kudutsa Salima mpaka ku Nkhotakota, komwe kuli akasupe a Mawira kufupi ndi boma. Ubwino wa Nkhotakota ndi wakuti madzi otentha sali okha. Nyanja ili pomwepo, chambo ndi usipa wa tsiku lomwelo, malo ogona a mitengo yosiyanasiyana, ndiponso chilankhulo ndi chathu chomwechi, agogo savutika kupempha madzi. Muli mtengo wa mkuyu womwe umakumbutsa za kukumana kwa David Livingstone ndi Jumbe, mkulu wa malonda a akapolo, mu 1863. Chakumadzulo kuli nkhalango ya Nkhotakota, komwe mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Ndipo panjira, musanafike ku Salima, pali Mua, komwe malo a KuNgoni amasunga mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndi zigoba za gule wamkulu zochuluka zedi. Mwana wa ku Domwe akaima m'menemo amaona kuti za kwawo n'zolemekezeka. Akasupe enieniwo ndi a anthu a m'deralo, amasambapo ndi kuchapapo tsiku ndi tsiku, ndiye muwaone ngati gawo limodzi la tchuthi cha kunyanja. Mukandifunsa kumene banja la ndalama zapakatikati lingapite masiku atatu kapena anayi, yankho langa ndi limeneli.

A ku Tsangano, Zobue ndi Moatize angaganizire za Liwonde. Kuchokera pa Biriwiri mumadzera Ntcheu ndi Balaka. Kuchokera pa Zobue mumalowera Mwanza, Zalewa, kenako Balaka. Kufupi ndi tauni ya Liwonde, m'mbali mwa Shire, kuli akasupe otentha, ndipo nkhalango ya Liwonde ili pakhomo, komwe mumakwera boti n'kuona mvuu ndi njovu zikumwa madzi. Shire ali ndi ng'ona zambiri. Mukatenthedwa pa kasupe musaganize zokaziziritsa thupi mumtsinje.

Kumpoto kwa Malawi kuli Chiweta, m'boma la Rumphi, pomwe msewu wa M1 umatsikira kunyanja. Madzi ake pa gwero amapitirira madigiri 70. N'ngoima n'kudabwa nawo muli paulendo wa ku Karonga kapena ku Livingstonia, koma si chifukwa chonyamulira banja kuchokera ku Tete.

A ku Chifunde, Macanga ndi Marávia khomo lawo ndi Cassacatiza, potulukira ku Chanida n'kufika ku Katete. Ambiri njirayi mumaidziwa kale chifukwa cha mwambo wa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, pomwe timakalambira Kalonga Gawa Undi. Ku Zambia kuli kasupe amene ndimamuika patsogolo pa onse a chilengedwe, Kapishya, pafupi ndi Shiwa Ng'andu, kumpoto kwa Mpika. Madzi ake amakhala pa madigiri pafupifupi 40, oyera mbee, pansi pali mchenga, timathovu tikukwera pakati pa zala za kumapazi, mitengo itazungulira dziwe. Munthu umalowa osadikira kuti azizire, ndipo pali malo ogona ndi oimikapo matenti. Vuto lake ndi mtunda. Pa mapu Mpika amaoneka ngati ali kuseri kwa Katete, koma pakati pali chigwa cha Luangwa. Msewu wa tala umakuzungulitsani ku Lusaka, Kapiri Mposhi ndi Serenje, masiku awiri kupita kokha. Panjira yomweyo, musanafike ku Lusaka, pali kasupe wa Chinyunyu m'mbali mwa Great East Road, wabwino kupumirapo, koma pa gwero pake n'potentha koopsa. Kapishya ndi wa anthu awiri kapena atatu amphamvu zawo, okhala ndi galimoto ndi sabata yathunthu. Agogo a msana wopweteka, msewu wokhawo udzafafaniza zonse zomwe madzi akanawachitira.

Tsono matauni enieni a madzi otentha, omwe moyo wake wonse unamangidwa pa kasupe, ali ku South Africa. Njira yake ndi Changara, Cuchamano, Nyamapanda, Harare, Masvingo mpaka pa Beitbridge, ndipo mabasi ochokera ku Blantyre kupita ku Johannesburg amadutsa mu Tete momwemu. Awiri oyenera kuwayerekeza ndi Tshipise ndi Bela-Bela, onse m'chigawo cha Limpopo. Tshipise ali pafupi ndi Musina, makilomita osapitirira 50 kuchokera m'tauniyo, pakati pa milambe, kotentha ngati kwathu ku Changara, kotero ngakhale mu Julayi masana kumakhala kofunda. Ndi malo achete, oyenera akuluakulu ofuna kupuma, koma popanda galimoto yanuyanu kufikako ndi kutulukako n'kovuta. Bela-Bela, yemwe kale ankatchedwa Warmbaths mpaka dzina linasintha mu 2002, ali kumwera kwambiri, makilomita oposa 350 kuchokera ku Musina ndi pafupifupi 100 musanafike ku Pretoria. Kasupe wake amatulutsa madzi a madigiri pafupifupi 53, ndipo pali maiwe ambiri, motsetserekera ana, masitolo, chipatala, ndi malo ogona kunja kwa mpanda omwe amatsikirako mtengo. Kumapeto a sabata anthu a ku Gauteng, chigawo cha Joni ndi Pretoria, amakhamukirako, phokoso lili pwirikiti. Ngati muli ndi ana ndipo muli ndi m'bale ku Pretoria kapena ku Joni woti akulandireni, sankhani Bela-Bela, mupite pakati pa sabata. Ngati ndinu awiri, bambo ndi mayi, pa galimoto yanu, Tshipise akupulumutsani tsiku limodzi la msewu.

Ku Zimbabwe nakonso alipo, ku Nyanyadzi kumwera kwa Mutare ndi ku Binga m'mbali mwa Kariba, kwa amene ali kale ndi zochita kumeneko.

Chachisanu: imbani foni musanatumize ndalama

Mukatsala ndi malo awiri, lankhulani ndi munthu wamoyo. Zithunzi za pa intaneti zimatha kukhala za zaka zisanu zapitazo, dziwe lija pano litauma kapena malo atatsekedwa. Ku Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia mulankhula Chichewa: "Pepani bambo, ndikuimba kuchokera ku Ulongwe. Ndikubwera ndi mayi anga achikulire. Kodi kuchoka pomwe tigone kukafika pa madziwo n'kuyenda pansi mphindi zingati? Nanga polowera m'madzi pali masitepe kapena pogwira?" Funsani ngati mtengo ndi wa chipinda kapena wa munthu mmodzi, ngati kulowa ku dziwe kuli ndi malipiro akeake, ngati mumaloledwa kuphika nokha, ndiponso ngati m'zipinda muli maneti. Kuphika nokha kumasintha zinthu kwambiri: banja la anthu asanu kudya mu lesitilanti katatu patsiku ndiye kumene kumatha ndalama kuposa malo ogona. Pemphani akutumizireni pa WhatsApp kanema wa dziwelo wojambulidwa tsiku lomwelo. Wokana zimenezi koma akukakamira kuti mutumize ndalama zonse msanga, msiyeni.

Chachisanu ndi chimodzi: mapepala ndi ndalama

Mzika ya Mozambique yopita kukacheza masiku ochepa ku Malawi, Zambia, Zimbabwe kapena South Africa sifunika viza, koma pasipoti ikhale yosatha ntchito, ndipo muyang'ane masiku omwe akudindirani pa chipata musanachokepo. Tinazolowera kuwoloka ku msika wa ku Lizulu kapena ku Dedza popanda wotifunsa, koma Nkhotakota ndi Liwonde ndi m'kati mwa dziko, ndipo m'misewu muli marodibuloko. Dutsani pa chipata, adinde. Mwana aliyense akhale ndi mapepala ake, ndipo ngati akuyenda ndi kholo limodzi kapena ndi azakhali, pakhale kalata ya chilolezo ya kholo lotsalalo. A galimoto atenge mapepala onse a galimotoyo, akonzekerenso kulipira inshuwalansi ndi chilolezo cholowetsera galimoto pa dziko lililonse.

Powerengera ndalama, yambani ndi thiransipoti ya kupita ndi kubwera, muiike payokha m'thumba lina, isakhudzidwe. Kenako malo ogona, chakudya, zolipira polowa, ndi ina yapadera ya matenda kapena kuwonongeka kwa galimoto. Metikali imagwira ntchito m'misika ya m'malire mokha. Kupitirira apo mufunika kwacha, randi, kapena madola a America ku Zimbabwe. M-Pesa ndi e-Mola musazidalire mukawoloka. Mukaona kuti zonse pamodzi zikudya ndalama ya feteleza wa chaka chino, bwererani pa chachinayi musankhe malo apafupi.

Chachisanu ndi chiwiri: mukafika pa madzi

Pa kasupe wa m'mudzi musathamangire kuvula. Perekani moni kwa amene mwawapeza, mufunse mbali ya amuna ndi ya amayi, ndipo ngati pali woyang'anira kapena anyakwawa, muwaonekere. Akasupe ena eni dera amawalemekeza, amathirapo nsembe, ndipo pali zoletsedwa zake. Musajambule anthu akusamba. Ana muwagwire dzanja pafupi ndi gwero, chifukwa matope a m'mbali amatha kukhala otentha kuposa momwe akuonekera, phazi n'kulowa.

Yesani madzi ndi chigongono monga timachitira posambitsa khanda. Lowani pang'onopang'ono, mapazi, mawondo, kenako chiuno. Mphindi 10 kapena 15 zakwana, mutuluke, mukhale pamthunzi, mumwe madzi ozizira, ndiye mubwererenso ngati thupi likufuna. Podzuka m'dziwe dzukani mwachifatse mutagwira penapake. Mowa usiyeni mpaka madzulo mutatuluka, pakuti mowa ndi madzi otentha pamodzi n'zimene zimakomola anthu m'dziwe losafika n'pakhosi pomwe. Mutu usamire, ndipo ana asadumphiremo. M'madzi ofunda achilengedwe mumatha kukhala kachilombo kotchedwa Naegleria fowleri kamene kamalowera m'mphuno n'kukafika ku ubongo. Sikagwira anthu kawirikawiri, koma kakagwira munthu kupulumuka n'kovuta kwambiri. Wokhala ndi bala losapola asalowe. Mphete ndi ndolo zasiliva vulani, sulufule amazidetsa bii.

Madzi amenewa amafewetsa minofu, amachepetsa ululu wa nyamakazi kwa kanthawi, ndipo munthu amagona tulo tabwino usiku umenewo. Sachiza shuga, sachiza kuthamanga kwa magazi, sachotsa HIV. Ndikunena izi motsindika chifukwa pa akasupe pamamveka nkhani zambiri, ndipo wodwala amene watopa ndi mapiritsi sachedwa kukhulupirira. Mankhwala a tsiku ndi tsiku anyamulidwe okwanira ulendo wonse ndi masiku ena awiri apadera, amwedwe pa nthawi yake. Madzi a pakasupe musamwe.

Ife a kumapiri malungo amatigwetsa msanga tikatsikira kuchigwa, choncho gonani m'neti usiku uliwonse ku Boroma, Liwonde, Nkhotakota ndi Tshipise. Mukabwerera kunyumba, aliyense amene watentha thupi m'masabata otsatirawo akayezetse malungo tsiku lomwelo, ndipo auze achipatala komwe anapita. Ngati munasambanso m'nyanja, pakatha miyezi iwiri kapena itatu kayezetseni likodzo, ngakhale mkodzo ukuoneka bwinobwino.